Yokoka kutsogolo, kumbuyo kapena matayala onse: mugule iti muno mu Joni?

Achimwene, mwafunsa kuti pa ndalama zomwe mwasunga mugule galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, akumbuyo kapena onse anayi, poti mumagwira ntchito ku Sandton koma pa Disembala mumafuna kupita nayo kumudzi. Ine ndayendetsapo mitundu itatu yonseyi, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona.

Ngati moyo wanu ndi wa pa misewu ikuluikulu ya N1 ndi M1, kuima pa maloboti ndi kuzemba maenje, gulani yokoka kutsogolo, monga Polo Vivo, Corolla kapena Swift. Injini imalemera pamwamba pa matayala omwe akukokawo, choncho imagwira pansi bwino ikagwa mvula yamabingu ya masana ija. Simwa mafuta kwambiri, ndipo zipangizo zake zili ponseponse. Khalidwe lake n'lakuti mukalowa pakona mothamanga, mutu umakana kukhota, imafuna kupitirira. Pamenepo mungochotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, imabwerera yokha mumzere. Mukamagula yakale, pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'ono. Mukamva kwa-kwa-kwa, CV joint (cholumikizira chomwe chimapereka mphamvu ku tayala lakutsogolo) yatha, mutsitse mtengo.

Yokoka kumbuyo ndi ya katundu. N'chifukwa chake Hilux, Ranger, D-Max ndi ma Quantum amatekisi amakokera kumbuyo: mukapakira, kulemera kumapanikiza matayala okankhawo. Ngati mumadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi mafiriji, malata ndi thirela, imeneyi ndiye yanu. Koma chonde, ikakhala yopanda kanthu muziiopa. Ine tsiku lina mvula itangoyamba ndinaponda moto ndikukwera mufiriweyi, kumbuyo kunatembenuka mpaka ndinayang'anizana ndi magalimoto omwe ankabwera pambuyo panga. Mulungu yekha. Kuyambira pamenepo ndimaikamo matumba awiri a mchenga pamwamba pa matayala akumbuyo. Mudziwenso kuti si bakkie (pikapu) iliyonse imakokera kumbuyo, NP200 imakokera kutsogolo.

Ya matayala onse, monga Subaru Forester, ndi yokoma kuyendetsa, sindikana. Koma imakuthandizani kunyamuka ndi kukwera poterera basi. Pa mabuleki sikuonjezerani kanthu, poti galimoto iliyonse imaima ndi matayala anayi omwewo. Ambiri amanamizika pamenepa n'kumathamanga pamadzi. Mafuta imamwa ochulukirapo, difu (chitsulo chogawa mphamvu ku matayala) ndi zitsulo zina zimachuluka, ndipo matayala amafunika kusintha onse pamodzi kuti asasiyane kutha kwake. Kuno chipale chofewa ndi mlendo, chija cha mu Julayi 2023 anthu mpaka ankachijambula. Ndiye mukulipirira chiyani? Pokhapokha ngati kwanu kuli ngati kumapiri a ku Neno kapena ku Misuku, komwe msewu wafumbi umasanduka phala nthawi ya dzinja. Ndipo mukatenga 4x4 ngati Hilux ina ija yotha kukoka ndi matayala onse, musayende pa 4H (giya yokokera matayala onse anayi) pa tala youma, mudzaononga giya.

Kwa inu, poti miyezi 11 muli mutauni ndipo njira ya kumudzi yambiri ndi ya tala, tengani yokoka kutsogolo, ndalama yotsalayo mugulire matayala abwino. Lamulo la kuno limalola kuti mizere ya tayala ithe mpaka kutsala 1 mm, koma ine sindidikira kufika pamenepo, makamaka ngati muli ana m'galimoto. Tandiuzani kwanu ndi boma liti, komanso kuchokera pomwe tala yathera kukafika pakhomo ndi mtunda wautali bwanji.