Mano oyikirira ayamba kugwedera: kodi vuto ndi kutafuna?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti chaka chatha adawaika zitsulo ziwiri m'fupa la nsagwada ya m'munsi, zimene madokotala amazitcha implant, ndipo mano awo oyikirira amakanirira pa zitsulozo ngati mabatani. Poyamba ankagwira nganganga, koma tsopano amatukuka akamadya chimanga chootcha. Akufunsa ngati kutafuna kwazula zitsulozo.

Mayi, nthawi zambiri chitsulo chimakhala chili bwinobwino. Chimapangidwa ndi titaniyamu, ndipo fupa limamera n'kuchigwira, monga adasonyezera dokotala wofufuza Per-Ingvar Brånemark ku Sweden pamene adaika zoterezi mwa wodwala koyamba mu 1965. Chimene chimaperepeseka ndi timphira ta nayiloni tomwe tili kunsi kwa manowo. Mukaluma, mano amasuntha pang'ono ndipo timphirato timakhudzana ndi mitu ya zitsulo, tsiku ndi tsiku, mpaka timatanuka n'kusiya kugwira. Tidapangidwa dala kuti tizitha m'malo mwa chitsulo, ndipo dokotala wa mano amatisintha m'kanthawi kochepa.

Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri chili kumbuyo kwa kamwa. Zitsulo ziwirizo zimakhala kutsogolo, pomwe kumbuyo, komwe timatafunira mwamphamvu, mano amangotsamira pa nkhama. Fupa limene lidachotsedwa mano limaphwa pang'onopang'ono, choncho pamatsala mpata, ndipo mano amayamba kupendama ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi. Kupendamako kumatha timphira msanga, ndiye chifukwa chake kungotisintha sikukwanira ngati dokotala sadathire zowonjezera kunsi kwa mano kuti akhalenso bwino pa nkhama.

Musasiye kudya, chonde. Chimanga muzitong'ola ndi dzanja, nzimbe ndi kanyenya muzidula tizidutswa, ndipo muzitafunira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Chitsulo chilibe timitsempha tomwe timazungulira dzino lachibadwa, motero mutha kuluma mopitirira osamva. Povala manowo muzikanikiza ndi zala, osati kuwaluma kuti alowe, chifukwa kuteroko kumaphwanya timphira.

Mukaona kuti chitsulo chenichenicho chikugwedera mutachotsa mano, kapena nkhama zikutuluka magazi ndi mafinya, pitani kwa dokotala sabata yomweyo.