Za yureniyamu m'madzi a pamjigo ku Carletonville

Achimwene, mwafunsa za sefa yochotsa yureniyamu m'madzi a pamjigo pomwe mukuchita lendi ku Carletonville, tauni ya migodi ya golide ku South Africa, komanso za zilonda za mwana. Mwanayo thamangani naye kuchipatala, ine ndiyankhe za madzizi.

Amene akuti muzingowiritsa akukusokeretsani. Moto umapha tizilombo, koma yureniyamu ndi chitsulo. Madzi akamaphwera mumphika iyo imatsalira momwemo. Klorini nayenso saikhudza n'komwe.

Nkhawa yanu ndi yomveka. Miyala ya golide ya dera limenelo imakhala ndi yureniyamu, n'chifukwa chake mtsinje wa Wonderfonteinspruit unaipitsidwa ndi zotsalira za m'migodi. Madzi okhala ndi yureniyamu amatha kuoneka oyera, osanunkha, koma impso zikuwonongeka pang'onopang'ono. Malire a yureniyamu m'madzi akumwa omwe linaika bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mamaikilogalamu 30 pa lita imodzi.

Musagule kanthu musanayezetse ku labotale yovomerezeka ndi SANAS, bungwe lovomereza malabotale ku South Africa, ndipo muwauze mwachindunji kuti ayeze yureniyamu. Ine zinandionekera ku Randfontein, tauni ina ya migodi m'dera lomwelo. Bambo wina anabwera pakhomo ndi kachipangizo ka timitengo tachitsulo, n'kukaviika m'kapu ya madzi athu. Posakhalitsa madziwo anasanduka ofiirira, zinyalala zikuyandama pamwamba. Mayi a kunyumba mantha anawagwira, tinagula sefa yake ya makala pafupifupi R2,000. Dzimbiri lija linkachokera ku zitsulo zake zomwezo. Titayezetsa patapita miyezi, yureniyamu inali pomwepo, ana akumwa tsiku ndi tsiku. Mpaka pano zimandiwawa.

Chomwe chimagwira ntchito ndi anion exchange resin, timikanda tating'ono ngati mazira a nsomba. M'madzi a pansi pa nthaka yureniyamu imayenda itamatirana ndi carbonate, ndiye timikandato timaikola n'kutulutsa chloride m'malo mwake. Ogulitsa asakupatseni water softener wamba, chipangizo chofewetsa madzi. Ameneyo amakola radium ndi calcium, pa yureniyamu sadalirika. Poti muli pa lendi, njira ina yotchedwa reverse osmosis, sefa ya pansi pa sinki yokankhira madzi pa kansalu ka timabowo tating'ono kwambiri, ikukwanirani pa madzi akumwa ndi ophikira, mwina cha m'ma R3,000 kupita m'mwamba.

Resin ikadzaza imakhala itasunga yureniyamu yonse ija pamalo amodzi. Musaitaye kudzala komwe kumasewera ana. Mufunseni wogulitsayo musanalipire ngati adzabwere kudzaitenga. Madzi omwe reverse osmosis imataya ndi amene amatenga yureniyamu yosefedwayo, ndiye musathirire rape kapena mpiru wanu kuseri kwa nyumba. Mukaika sefayo, tengeranso botolo lina ku labotale mukayerekeze ndi zotsatira zoyamba.