Mbande 1,147: Tizibzale m'Mizere Ingati?

Funso: Gulu lathu lili ndi mbande za bulugamu 1,147 ku nazale. Tikufuna mizere yofanana, osatsala mbande ndi imodzi yomwe. Tayesa 2, 4, 5, 10, zonse zakana. Tipitirize mpaka pati?

Yankho: Mwataya nthawi pa 4 ndi 10. Nambala ikakana kugawika ndi 2, singagawikenso ndi 4, 6, 8 kapena 10, chifukwa zonsezi zili ndi 2 m'kati mwake. N'chifukwa chake nambala yaing'ono kwambiri imene ingagawe mbande zanu iyenera kukhala ya mtundu uja wogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31. Zinazo zidumpheni.

Zitatu zoyambazi sizifuna cholembera. Nambala yanu ikuthera 7, ndiye 2 ndi 5 zatuluka. Pa 3, phatikizani 1, 1, 4 ndi 7, mupeza 13, yomwe sigawika ndi 3. Zotsalazo tengani foni: pa 7 zitsala mbande 6, pa 11 ndi pa 13 zitsala 3, pa 17 zitsala 8, pa 19 zitsala 7, pa 23 zitsala 20, pa 29 zitsala 16. Ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kunena kuti sizigawika. Yesaninso kamodzi: 31 kuchulukitsa ndi 37 ndi 1,147 ndendende. Mizere 31, uliwonse maenje 37.

Poyimira pake ndi apa. 34 kuchulukitsa ndi 34 ndi 1,156, yomwe yapitirira kale mbande zanu. Manambala awiri ochulukitsana, ya mizere ndi ya maenje, onse akaposa 33, mayankho ake amapyola 1,147, choncho imodzi mwa iwo iyenera kukhala 33 kapena yocheperapo. Mukafika pamenepo osapeza kanthu, musavutikenso.

Ngati mukutalikitsa mamita 2.5 mbali zonse, malo ake akhala mamita 77.5 m'lifupi ndi 92.5 m'litali, kupereŵera pang'ono maekala awiri. Yezani mundawo musanayambe kukumba maenje.

Funso: Nanga zonse zikakana?

Yankho: Zimachitika. Mbande 1,151 sizigawika ndi iliyonse mwa manambala aja, ndiye mizere yofanana palibe. Chotsani imodzi, 1,150 ikupatsani mizere 25 ya maenje 46.

Komatu ngakhale pa 1,147 paja, sindingalangize kubzala zonse tsiku limodzi. Bulugamu wamng'ono chiswe chimamukonda, ndipo ng'amba ikagwa mu Januwale zina zimauma. Bzalani mizere 32 ya maenje 35, zomwe ndi mbande 1,120, ndipo 27 zotsalazo zisiyeni pa mthunzi ku nazale, muzizithirira, kuti mudzapakize pomwe pafa mvula isanathe.