Pi 4 ikukwanirani, koma chenjerani ndi chaja ndi memori khadi

Aphunzitsi, mwafunsa kuti mugule kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 kapena 5 kophunzitsira ana Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, kusukulu kwanu ku Monkey Bay, komanso za sola. Ine ndiyankha za kamakinako.

Tengani Pi 4 ya 4GB. Amene akukuuzani kuti Pi 5 chifukwa choti ndi yatsopano sanaiyatsepo m'kalasi ya malata mu Okutobala kuno kunyanja. Purosesa yake ikafika madigiri 80 imayamba kudzichepetsera liwiro yokha, ana n'kumangodikira makina akuchedwa. Ngakhale Pi 4 imeneyi muiikire kafani, ndipo musaitsekere m'kabati. Itangotuluka mu 2019 ya 4GB inali madola 55, koma pofika kuno ndi ndalama yotumizira ndi msonkho mtengo umakwera ndithu.

Pamene ndikukuchondererani ndi pa chaja ndi memori khadi. Pi 4 imafuna 5V 3A ya USB-C. Chaja ya foni ya pamsika imaiyatsa, inde, koma mukangolumikiza kiyibodi ndi mausi mphamvu imatsika, pakona pa sikirini pamabwera chenjezo la low voltage. Mukaliona musalinyalanyaze.

Pasukulu ina imene ndimathandiza tinali ndi khadi yolembedwa 64GB, yogula motchipa pa benchi. Magetsi anathima makina akulemba. Atabwera, kanyali kofiira kanayaka bwinobwino koma sikirini bii, ndipo ntchito ya ana ya teremu yonse inapitira momwemo. Mtsikana wina anali atapanga kagemu kake koyamba, analira. Khadiyo titaiyeza tinapeza kuti inali yabodza, sinali ya 64GB n'komwe. Gulani SanDisk kapena Samsung ya 32GB m'sitolo yopereka lisiti, ziwiri. Yachiwiriyo muikemo Raspberry Pi OS, pulogalamu yoyendetsa makinawa, pogwiritsa ntchito Raspberry Pi Imager, ikhale m'dirowa. Ntchito za ana Lachisanu lililonse zizikoperedwa pa flash. Ndipo muwaphunzitse kuchita shutdown, kuzimitsa makina mwadongosolo, kuzula chingwe kumapha khadi mofanana ndi kuthima kwa magetsi.

Chinanso, Pi 4 ilibe batire la wotchi, ndiye popanda intaneti deti imasokonekera nthawi iliyonse mukaiyatsa. Kachipangizo kosunga nthawi ka DS3231 kamathetsa zimenezi, n'kotchipa, kaitanitseni pamodzi ndi Pi 4 yanuyo. Ngati bandulo ikuvuta, ikanimo Kiwix ana aziwerenga Wikipedia popanda netiweki.