Kodi ndi mpeni wa ku Hamburg umene unakweza Steffi Graf?

Pa makalata a pa imelo amene ndalandira, ya mayi wina wokonda tenesi ndiyo yandipatsa ntchito. Iwo akuti akhala akukangana ndi amuna awo pa nkhani ya Steffi Graf, katswiri wa ku Germany uja. Bambo akunyumbako akuti Graf sakanafika pomwe anafikapo, akanakhala kuti Monica Seles, katswiri mnzake amene ankalimbana naye, sanabayidwe mpeni mu 1993. Mayiwo akufunsa kuti ine ndili mbali iti.

Mayi, amuna anuwo sakunama kwenikweni, koma nkhaniyi aigwira ku mchira.

Graf anabadwira ku Mannheim mu 1969 ndipo bambo ake, Peter Graf, ndi amene anamuphunzitsa tenesi ali kamwana. Anayamba kusewera ngati ntchito ali ndi zaka 13. Pa mipikisano inayi ikuluikulu ya pachaka, Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open, iye anatenga zikho 22. Tsono mukaziwerenga bwino zikhozo zimagawika pakati ndendende: 11 anazipata Seles asanabayidwe, 11 pambuyo pake. Mkangano wa kunyumba kwanu wagona pa 11 zachiwirizi. Zoyambazo palibe angazikhudze.

Ndipo m'zoyambazo muli chaka cha 1988. Chaka chimenecho, chomwe anakwanitsa zaka 19, mtsikanayu anasesa zikho zonse zinayi, kenako n'kukatenganso mendulo ya golide ku Olimpiki ya ku Seoul. Mpaka lero palibe wina, mwamuna kapena mkazi, amene anachitapo zimenezi m'chaka chimodzi pa tenesi ya mmodzi ndi mmodzi yosewera choimirira, osati pa njinga ya olumala. Sanadutse pa anthu wamba ayi. Ku Australia anagonjetsa Chris Evert, ku Wimbledon anagwetsa Martina Navratilova amene anali atatenga chikhocho zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, ku New York ndi ku Seoul anapambana Gabriela Sabatini. Fainolo ya ku Paris yokha inali yomvetsa chisoni kuonera: Natasha Zvereva anakwapulidwa 6-0, 6-0, anthu asanakhazikike n'komwe m'mipando. Nthawi imeneyo Seles anali ndi zaka 14.

Pomwe amuna anu ali ndi mfundo ndi apa. Seles atatulukira, Graf anapeza mnzake womuvuta. Mtsikana wa ku Novi Sad m'dziko lakale la Yugoslavia uyu, wamanzere, ankagwira raketi ndi manja onse awiri mbali zonse, n'kumamenya mpira usanakwere, moti Graf ankasowa mpata wothamangira ku dzanja lake lamanja lomwe ankaphera anthu. Seles anamugonjetsa mu fainolo ya French Open ya 1990, anamulanda mpando wa nambala wani mu 1991, ndipo asanakwanitse zaka 20 anali ndi zikho zikuluzikulu 8. M'zaka za 1991 ndi 1992 Graf anangotenga Wimbledon yokha. Mu Januwale 1993 anagonjanso kwa Seles mu fainolo ya ku Australia.

Pa 30 Epulo 1993, ku Hamburg, Seles atakhala pansi kupumira pakati pa masewero ake ndi Magdalena Maleeva, munthu wina dzina lake Günter Parche anatuluka m'gulu la oonerera n'kumubaya kumsana. Anali wotengeka ndi Graf mopitirira muyeso, ndipo cholinga chake chinali choti Graf abwerere pa nambala wani. Chowawa n'chakuti zinachitikadi momwemo. Graf anatenga zikho zinayi zotsatizana kuyambira French Open ya chaka chomwecho. Khoti silinamutsekere Parche m'ndende, linangomupatsa chilango choimitsidwa, ndipo Seles sanakasewerenso ku Germany. Anakhala kunja kwa bwalo zaka zoposa ziwiri. Atabwerera anangowonjezera chikho chimodzi chachikulu, cha ku Australia mu 1996.

Ine ndimakhulupirira kuti popanda mpeni uja, nambala ya 22 ikanatsika. Ku Paris ndi ku Australia Seles anali atamudziwa Graf potulukira. Koma kunena kuti Graf anali atatha ndiye kuwonjeza. Pofika tsiku la mpenilo awiriwa anali atakumana ka 10, Graf n'kupambana ka 6. Fainolo ya French Open ya 1992 inathera 10-8 m'seti yachitatu, Seles akupulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo patangopita milungu yochepa Graf anamubwezera 6-2, 6-1 pa udzu wa ku Wimbledon, pomwe mpira wake wodula wa kumanzere unkangoserereka osadumpha. Seles sanatengepo Wimbledon. Graf anaitenga ka 7. Chimene tinataya ife oonera ndi zaka zingapo za anthu awiri olimbana mosadziwika wopambana.

Musaiwalenso kuti zaka za pambuyozo sizinali zofewa kwa Graf. Msana unkamuvuta, bambo ake anamangidwa mu 1995 pa mlandu wozemba msonkho wa ndalama zomwe mwanayo ankapata, ndipo mu 1997 anachitidwa opaleshoni ya bondo. M'kati mwa zonsezo anatenga zikho zitatu mu 1995 ndi zitatu mu 1996. Onse pamodzi, masabata omwe anakhala nambala wani ndi 377, ndipo palibe mkazi wina wafikapo.

Ngati bambowo akufunabe umboni, muwaonetse French Open ya 1999. Graf anali ndi zaka pafupifupi 30, thupi litatopa, anthu ambiri atamuchotsera kale. Anagonjetsa Lindsay Davenport, kenako Seles yemweyo mu semifainolo, n'kumaliza ndi Martina Hingis, kutanthauza onse atatu omwe anali pamwamba pa mndandanda wa dziko lonse. Anafikanso mu fainolo ya Wimbledon, pomwe Davenport anamubwezera, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho analengeza kuti wasiya, ali pa nambala 3.