Madamu afunsa za gulu lawo la aphunzitsi, ine ndakumbuka modemu yolira

Lachiwiri ndalandira imelo kuchokera kwa madamu ena ophunzitsa Sitandade 7. Akuti anatsegula gulu la WhatsApp la aphunzitsi a m'zoni yawo kuti azithandizana masamu ndi masikimu, koma lero mwadzaza mauthenga a maliro, mapemphero otumizirana ndi malonda a zitenje. Mwana wawo wawauza kuti kale kunali ma BBS (Bulletin Board System), makompyuta osiyiranapo mauthenga kudzera pa telefoni, momwe aphunzitsi ankakambirana zenizeni. Ndiye akufunsa kuti zinali zotani, ndipo angatolepo chiyani.

Madamu, mwandiponda pachilonda. Mwezi wathawu ndinatuluka m'gulu lotero, ndipo mpaka lero anzanga ena sakundiyankha moni.

Ndiyambe ndi kale, poti mwandiputa nokha. Mu 1992 ndinali ku America kumaphunziro, ndipo ankatitumiza kusukulu ina ya sekondale kukaonerera momwe anzathu amaphunzitsira. Mayi woyang'anira laibulale pasukulupo anandiona ndikungoyendayenda nthawi yopuma, osowa wocheza naye, nanditengera pakona pomwe panali kompyuta yolumikizidwa ku chingwe cha telefoni. Atadina, kabokosi kena kanayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Ine ndinabwerera m'mbuyo, ndimvekere chaonongeka. Iwo kuseka. Imeneyo inali modemu ya liwiro lochepa la 2400, ndipo zilembo zinkatuluka mzere ndi mzere, mwakuti munthu umatha kuwerenga zikubwera.

BBS sinali intaneti ayi. Inali kompyuta imodzi ya munthu, ili kuchipinda kwake kapena pasukulu, yodikira kuti wina ayiimbire foni. Ukaimba umawerenga zomwe ena asiya, kulemba zako, n'kudula kuti mnzako nayenso alowe, chifukwa zambiri zinali ndi chingwe chimodzi chokha. Anayambitsa ndi Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago mu February 1978, chipale chofewa chitawatsekera m'nyumba. Dzinalo analitenga ku bolodi la zidziwitso, longa lija la musitafu lomwe ahedi amamatapo ndandanda ya woyang'anira sabata. Kenako mu 1984 Tom Jennings anapanga FidoNet, njira yoti makompyuta amenewa aziimbirana okha usiku, mitengo ya foni ikatsika, n'kumapatsirana mauthenga monga momwe kalata yapamanja imayendera, uyu apatsa uyu, mpaka ifike. Pamsana pa FidoNet ndi pamene Jack Crawford ndi Janet Murray anamangapo K12Net mu 1990, ya aphunzitsi ndi ana asukulu, yaulere. M'menemo nkhani iliyonse inali ndi chipinda chake, chomwe ankachitcha echo. Masamu kwawo, sayansi kwawo, zilankhulo kwawo, macheza a aphunzitsi kwawonso.

Funso langa loyamba ndinalemba mwamanyazi. Ndinati kwathu ndimaphunzitsa ana 90 m'kalasi imodzi, mabuku alipo asanu ndi awiri, ndingawaphunzitse bwanji ma fraction? Tsiku loyamba zii. Lachiwiri zii. Ndinati basi, andinyoza. Tsiku lachinayi ndinapeza mayankho atatu. Wina anati ndigwiritse ntchito pulojekita, ndipo ndinaseka mpaka mayi a laibulale anandiyang'ana, poti sukulu yanga inalibe ngakhale chitseko. Koma mphunzitsi wina wa ku Australia analemba pafupifupi masamba awiri. Anafotokoza zopinda mapepala a nyuzi, zogawa ana m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, ndi malo enieni pomwe ana amasokonezekera akafika pophatikiza theka ndi gawo limodzi la magawo atatu. Anali ataganiza, zinkaoneka. Ambiri ankatsitsa mauthenga onse, kudula foni, kuwerenga ali phee, kulemba yankho, n'kudzatumiza mawa lake. Foni inkadya ndalama, ndiye palibe ankaimba kuti alembe "Amen" yekha.

Tsono mverani manyazi anga. Mu June 1993, zotsatira za riferendamu zitatuluka kuti Amalawi asankha matipate, ndinasowa womuuza. Ndinathamangira pakompyuta paja n'kulemba nkhani yonse m'chipinda cha masamu, poti ndimo munali anzanga. Woyang'anira chipindacho anandilembera pandekha, mwaulemu ndithu. Anati akusangalala nane, koma muno ndi mwa masamu, nkhaniyi ndiitengere kuchipinda cha macheza. Ndinakwiya sabata yathunthu. Ndinkati azungu awa alibe umunthu, dziko langa likusintha iwo ali pa ma fraction! Zanditengera zaka zambiri kuti ndivomere kuti munthu uja ankalondola. Akanandilekerera ine, akanalekereranso wina wa mpira ndi wina wa tchalitchi, ndipo mphunzitsi wa ku Australia uja akanasiya kuwerenga.

Ndipatuke pang'ono. Anthu amaganiza kuti zimenezi zinali za m'mizinda ya anthu olemera, koma ku Montana munthu wina dzina lake Frank Odasz anayambitsa Big Sky Telegraph mu 1988 pofuna kulumikiza aphunzitsi a timasukulu takumidzi ta chipinda chimodzi, komwe mphunzitsi ali yekha ndipo mnzake wapafupi ali kutali zedi. Ndipo FidoNet inafika kuno kwathu. Africa inali Zone 5. Ku Lusaka, University of Zambia inali ndi imelo yodzera njira imeneyi ZAMNET isanabadwe mu 1994, ndipo ku Zomba, pa Chancellor College, a Dr Paulos Nyirenda ankayendetsa imelo ya mtundu womwewu intaneti isanafike m'dziko muno. Chimene chimandiwawa n'chakuti sizinafike kwa mphunzitsi wa pulayimale. Ndinabwerera kumudzi mu 1994, chaka chomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale. Ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni, ndipo boma linalemba ntchito aphunzitsi ambirimbiri osadutsa kukoleji. Anyamata ndi atsikana amenewo ankaima kutsogolo kwa ana pansi pa mtengo, choko m'manja, opanda wowafunsa. Ndiwo ankafunika K12Net kuposa Amereka onse. Koma sukulu yopanda foni, yopanda magetsi, modemu ukailumikiza pati?

Lero aliyense ali ndi foni m'thumba, ya mphamvu kuposa makompyuta onse a pasukulu ija, ndipo tikutumizirana zithunzi za maluwa zolembedwa "mwadzuka bwanji". Ndinkafuna kunena kuti vuto ndi WhatsApp, poti imathira zonse mumphika umodzi ndipo uthenga wa dzulo umakwiririka. N'zoona ndithu. Koma ndikamalemba pano ndikuona kuti kumeneko n'kuzemba. Vuto ndife. Tili ndi ulemu wolakwika. Ahedi akatumiza vidiyo ya mlaliki, ndani angawauze kuti muno si malo ake? Wina akalengeza maliro, anthu 60 amalemba "pepani" mmodzimmodzi, ndipo funso la mtsikana wongoyamba ntchito lokhudza lesoni pulani limamira pompo. Sindikunyoza maliro, Madamu, nanenso ndinaikapo anthu. Koma pasiwa sitiphunzitsirapo masamu, ndiye m'chipinda cha masamu tisamalirirenso maliro.

Palinso china chomwe sitinena. M'magulu athu ambiri muli a PEA, alangizi oyendera sukulu za m'zoni. Ndani angavomere pamaso pa womuyendera kuti long division imamuvuta iye mwini? Pa K12Net ndinkafunsa mopanda mantha chifukwa panalibe wondilembera lipoti. M'gulu lomwe ndatulukamo lija, mnyamata wina anafunsa funso la sayansi, wamkulu wina n'kumuyankha kuti "kodi kukoleji munkatani?" Sanafunsenso. Ine ndinayankhula, mawu anakula, ndipo ndi momwe ndinatulukira. Mwina ndinapsa mtima msanga, mkazi wanga akutero, koma sindinapepese.

Nanga mutani, Madamu?

BBS musaifune, inapita ndi mafoni a chingwe. Tsegulani gulu lachiwiri la macheza, maliro ndi zitenje, ndipo inuyo mukhale woyamba kulembamo kuti anthu asaone ngati mwawathamangitsa. Loyambalo likhale la ntchito basi, mutu umodzi pa sabata, wolengezedwa Lolemba. Sankhani woyang'anira amene saopa nkhope, makamaka mayi wachikulire woti ngakhale ahedi amamupatsa ulemu, ndipo azidzudzula kumbali, osati pagulu. Mayankho abwino wina azikopera m'kope losungidwa ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni, chifukwa foni ikabedwa zonse zapita. A PEA muwapemphe mwaulemu kuti akhale m'gulu la macheza lokha.

Za wogulitsa zitenje uja, musamuchotse msanga. Mundifunsireko kaye ngati ali nazo zobiriwira, mayi akunyumba akhala akundivutitsa kuyambira Khirisimasi.