Kamera yoona kutentha yaima ku Johannesburg: pepala akufunalo ndi lachiyani?

Bambo ena a ku Moatize atilembera imelo. Amagwira ntchito zamagetsi, ndipo aitanitsa ku Johannesburg kamera yoona kutentha yopangidwa ku America, yoti azipezera mawaya ndi mathiransifoma amene akutentha mopitirira muyeso. Wogulitsa wakana kutumiza mpaka asaine pepala lonena amene adzaigwiritse ntchito. Akufunsa kuti: "Kodi sakufuna kundidyera ndalama? Nanga ndikapeza ntchito ku Mwanza ku Malawi, ndingawoloke nayo pa malire a Zóbuè?"

Bambo, mtima m'malo, si chinyengo. Kamera imene imakuonetsani fyuzi yotentha ndi yomweyonso imaonetsa munthu ali m'tchire usiku, n'chifukwa chake ili m'gulu la katundu wothandiza anthu wamba ndi asilikali omwe. Mayiko 42 a mu mgwirizano wa Wassenaar, umene unayamba mu 1996, amagwirizana pa mndandanda wa katundu wotere. South Africa ndi America alimo, Mozambique mulibe. Komanso lamulo la America limatsatira katunduyo kulikonse: ngakhale agone m'sitolo ya ku Johannesburg, kumutumiza kuno ku Tete kumafunabe kutsata malamulo a BIS, ofesi ya boma la America yoyang'anira katundu wotumizidwa kunja.

Musanasaine, funsani wogulitsa nambala ya ECCN ya kamerayo (nambala yosonyeza gulu limene malamulo a America aiikamo), ndi kuchuluka kwa zithunzi zimene imajambula pa sekondi (Hz). Nkhani yagona pamenepa. Kamera ya 9 Hz kapena kuchepera imagwa pa ECCN 6A993, ndipo kawirikawiri imatuluka popanda laisensi. Ya 30 Hz kapena 60 Hz nthawi zambiri imagwa pa 6A003, ndipo imeneyo imadikira laisensi masabata angapo. Thiransifoma sithawa, imakhala pamalo amodzi, choncho 9 Hz ikukwanirani. Ambiri amalipirira liwiro limene ntchito yawo silifuna, kenaka n'kumadandaula kuti katundu wachedwa.

Pepala lija amalitcha End-User Statement. Lembanipo dzina la kampani monga lilili pa alvará (chiphaso cha bizinesi) ndi pa NUIT (nambala ya msonkho), osasintha ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa maina akasiyana ndi a pa fatura, fayilo imabwezedwa. Ikani adiresi ya malo enieni, osati bokosi la positi. Pofotokoza ntchito musangoti "ntchito zosiyanasiyana". Nenani kuti ndi yoyezera kutentha kwa mabokosi a magetsi ndi mamota m'migodi ya malasha ya ku Moatize. Ndipo musalembe dzina la mnzanu wa ku South Africa ngati mwini wake pofuna kufulumiza zinthu. Kumeneko ndi kunama pa chikalata cha boma, ndipo zikadziwika mungaikidwe pa mndandanda wa anthu oletsedwa kugulitsidwa katundu wa ku America.

Za ku Mwanza, nenani tsopano lino, musanagule. Pepalalo limakulonjezetsani kuti simudzagulitsa, kubwereketsa kapena kutulutsa kamerayo kunja popanda chilolezo, ndipo laisensi yotchula Mozambique yekha sikhudza Malawi, ngakhale Mwanza ali pakhomo pomwepa. Pemphani wogulitsa alembe mayiko onse awiri. Kumbali yathu, despachante wanu (wokonza mapepala a kasitomu) akukonzereni chikalata chotulutsira katundu kwa kanthawi ku Alfândega (kasitomu), chokhala ndi nambala ya siriyo ya kamerayo, kuti pobwerera pa Zóbuè musalipiritsidwe msonkho kachiwiri.